Ma artist ndi makompyuta Facebook isanabadwe

Achimwene mwafunsa kuti kodi ma artist ankapezana bwanji pa kompyuta Facebook isanabadwe, ine ndikuuzeni za The Thing ya ku New York poti ndi imene ndimaidziwa bwinoko.

Anaiyambitsa mu 1991 ndi Wolfgang Staehle, mkulu wina wazaluso wochokera ku Germany. Sinali webusaiti ayi, chinali chija amati BBS, kompyuta imodzi yokha ili phee m'chipinda chapansi ku Manhattan atailumikiza ku foni yawaya. Iwe uli kwanu umaimbira kompyuta ija pa modemu, kachipangizo kolumikiza kompyuta yako ku foni, imayamba yalira kaye tswiii krrrr ngati wailesi yasowa siteshoni, kenako pa sikirini mbwee zilembo zokhazokha, ukasiya uthenga wako mnzako adzaupeza mwina mawa lake. Ndiye uli mkati molemba wina m'nyumbamo angonyamula foni basi yaduka, uyambirenso kkkk.

Koma anthu ankakangana zenizeni mmenemo, za luso, za ndale, za magalare, malo oonetsera ndi kugulitsa zaluso, amene amasankha okha kuti uyu ndiye artist uyu ayi. Sinali bizinesi yofuna phindu, ankangofuna bwalo lawolawo losadalira eni magalare. Pasanathe zaka zambiri kunabadwa nthambi ku Cologne ndi ku Vienna, mu 1995 n'kusamukira pa webu, ndipo anayamba kusungira ma artist anzawo mawebusaiti.

Apa mpamene panabuka phokoso. Mu Disembala 2002 anyamata ena ovuta otchedwa The Yes Men anapanga webusaiti yabodza yooneka ndendende ngati ya kampani ya Dow Chemical, kuinyogodola pa nkhani ya Bhopal, kuja ku India kumene mpweya wapoizoni unatuluka pa fakitale ya Union Carbide mu 1984 n'kupha anthu masauzande, paja Dow inagula Union Carbide mu 2001. Webusaitiyo inali pa maseva (makompyuta osungira mawebusaiti) a The Thing. Dow inakadandaula kwa Verio, kampani imene inkapatsa a The Thing intaneti, ndipo Verio mmalo mothana ndi webusaiti imodziyo inangozimitsa zonse kwa maola angapo, ngakhale mawebusaiti a anthu osalakwa amene sankadziwa n'komwe kuti kwagwanji. Ine mpaka pano zimandinyansa, mwana mmodzi akaba chimanga eti mukwapule mudzi wonse? Pambuyo pake Verio inawalembera a The Thing kuti kontrakiti ikutha, akafunefune intaneti kwina.