Dzira limene tinakwirira pagolo

Imelo iyi yakhala mu foni mwanga milungu iwiri. Ndimaitsegula, kuiwerenga, n'kuitsekanso. Yachokera kwa mnyamata wina wa ku Katete. Akuti timu ya kwawo yagonja maulendo 7 otsatizana kwa timu imodzimodzi ya kutsidya kwa dambo, ndipo akukumananso kumapeto kwa mwezi. Anzake ena akuti ulendo uno ndi wawo, sizingachitike ka 8. Ena akuti golo la anthu aja linamangidwa ndi mankhwala. Iye akufuna kubetcherana K200 ndi msuweni wake, ndiye akufunsa kuti amvere ndani.

Mng'ono wanga, ndachedwa kukuyankha chifukwa wandigunda pachilonda.

Ndili mnyamata ndinali goloboyi wa katimu kena ku Kapata, kuno ku Chipata. Si kuti ndinali ndi luso ayi. Ndinali wamtali, komanso pampu ya mpira inkakhala kwathu, ndiye kundisiya panja kunali kovuta. Matimu ena tinkalimbana nawo bwinobwino, lero ife mawa iwo. Koma panali anyamata ena a ku Mchini amene ankangotikwapula ngati ana awo. Kwawo atichinya, kwathu atichinya. Titagonja ka 6, akuluakulu a timu anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kugamula kuti izi si za mpira.

Tinasonkha. Gawo langa ndinalitenga m'chitini cha amayi, amene ankagulitsa tomato kumsika, ndipo ndinadziuza kuti ndibweza tikapambana, chifukwa tinali titabetcherana mbuzi. Tinapalasa njinga anthu atatu kulowera cha ku Mwami, kwa mkulu wina amene dzina lake sinditchula. Anatipatsa ufa wakuda m'kabotolo, dzira limodzi, ndi malamulo: osapatsa moni wa m'manja adani, osalowa m'bwalo podutsira anthu, dzira likwiriridwe pakati pa golo tambala asanalire. Wokumba ndinali ine. Ndikukumbukira kuzizira kwa Juni, khasu likulira pa nthaka youma, agalu akuuwa, mnzanga akuwunikira ndi tochi imene mabatire ake tinkachita kuwaluma kuti iyake.

Anatichinya 4-0. Chigoli chachitatu chinadutsa pakati pa miyendo yanga, pamwamba penipeni pa dzira lija. Mbuzi inapita. Mkulu uja titabwererako anangoti wina mwa ife sanadzisunge usiku wake, ndipo tinatha mwezi wathunthu tikulozana zala. Za amayi ndi chitini chawo ndidzakamba tsiku lina, koma dziwa kuti tchuthi chonse ndinachithera kudimba ndi kheni m'manja.

Chimene chimandipweteka mpaka lero si ndalamazo. N'chakuti yankho linali poyera. Anyamata aja ankachita zokonzekera katatu pa mlungu, ife Loweruka madzulo basi. Anali ndi nsapato, theka la ife tinali chosavala. Anali ndi kamnyamata ka liwiro kumanzere, ndipo amene ankakatchinga kwa ife anali mphwake wa kochi, munthu wonenepa amene palibe akanamuchotsa. Masewera onse 7 kanadutsa pomwepo. Sanali matsoka 7 osiyana ayi, linali vuto limodzi limene tinalibwereza ka 7.

Koma amene ndakwiya nawo kwambiri m'kalata yako si a mankhwala. A mankhwala n'ngosavuta, amagonja n'kuphunzira, mwina. Ndi awa akuti "ulendo uno ndi wathu". Maganizo amenewo ndi amene amalemeretsa nyumba za kubetcha zadzaza m'tauni muno. Pita ukaone madzulo, anyamata a njinga amene akhala akunyamula anthu ndi matumba a makala tsiku lonse, ali pamzere ndi timapepala m'manja, aliyense akuti timu yakuti yaluza kokwanira, lero iwina basi. Kokwanira kwa ndani? Mpira uli ndi buku la ngongole? Ku Monte Carlo mu 1913, pa njuga ya gudumu lija lozungulira, kampira kanagwera pakuda maulendo 26 otsatizana. Anthu ankangowonjezera ndalama pofiira, ati nthawi yakwana, ndipo anatha psiti. Gudumu silinkadziwa kuti lagwera kangati pakuda.

Masamu ake, pang'ono chabe

Tenga kandalama kachitsulo ka K1. Mwayi woti kagwere mbali imene wasankha maulendo 7 otsatizana ndi 1 pa 128. Maulendo 8 ndi 1 pa 256. Apa ndi pamene anzako akusokonekera. Akumva 256 n'kumati ndiye n'zosatheka. Koma 256 imeneyo timawerenga usanayambe kuponya. Maulendo 7 akadutsa, adutsa basi, ali m'thumba. Chatsala ndi kuponya kumodzi, ndipo kumeneko ndi theka kwa theka ngati tsiku loyamba.

Tsono timu si kandalama. Tiyerekeze kuti anthu a kutsidya aja ndi amphamvu moti pa masewera 10 alionse ndi inu amapambana 7. Mwayi woti akuchinyeni ka 7 kotsatizana umakhala pafupifupi 1 pa 12. Yerekeza 12 ndi 128. Zimene zakuchitikirani n'zosavuta kuchitika kuwirikiza ka 10 ngati iwo ali okuposani kusiyana ndi ngati muli ofanana. Ndiye mndandanda wa kugonjawo ukunenadi kanthu, koma ukunena zotsutsana ndi anzako. Sukunena kuti nthawi yanu yakwana. Ukunena kuti anthu aja amadziwa mpira kuposa inu.

Pali chinanso chimene anthu saganiza. Mu ligi ya ku England muli matimu 20, kutanthauza kuti pali mapeya 190 a matimu okumana. Pa mapeya ochuluka chonchi, n'kosatheka kuti pasapezeke angapo okhala ndi mbiri yodabwitsa, ndipo ife timangokumbukira amenewo. Tottenham inapambana pa Stamford Bridge, bwalo la Chelsea, mu ligi mu 1990, Gary Lineker akadali wosewera, kenako zii mpaka 2018 pamene inawina 3-1. Dele Alli, amene anagoletsa ziwiri tsiku limenelo, anabadwa mu 1996. "Temberero" linayamba iye kulibe. Linali pa ndani tsono, pa jezi? Zoona zake n'zakuti zaka zambiri Chelsea inali timu yabwino kuposa, makamaka Roman Abramovich atabwera ndi ndalama zake mu 2003, inkasewera pakwawo, ndipo masewera ena anangolepherana. Everton nayo inakhala kuyambira 1999 mpaka 2021 osawina pa Anfield, bwalo la Liverpool. N'chifukwa chake ndimazimitsa wailesi owulutsa akayamba kuwerenga zimene matimu anachita zaka 30 zapitazo ngati kuti madala amenewo alowanso m'bwalo.

Ndikudziwa wina alemba kuti nanga 2012, pamene Zambia inatenga chikho cha Africa? Inde, nanenso ndinalira usiku umene Stoppila Sunzu anamwetsa penate yomaliza ku Libreville, 8-7 pamaso pa Ivory Coast, kufupi ndi nyanja imene inatilanda timu yathu pa ngozi ya ndege mu 1993. Za usiku umenewo sinditsutsana ndi munthu. Ndingonena kuti Drogba wa Ivory Coast anaponya penate yake kumwamba, kuti goloboyi wathu Mweene anali atagwira kale ya Asamoah Gyan pamasewera ndi Ghana, ndi kuti kochi wathu Hervé Renard anali ndi anyamata amene anasewerera limodzi zaka zambiri. Timu yochepera imawina ndithu tsiku lina. Mwayi wa 1 pa 5 si ziro. Koma tsikulo silibwera chifukwa choti mwavutika mokwanira.

Mantha okha ndiye ndimawavomereza. Ife tinkalowa m'bwalo titagonja kale. Akangotichinya chimodzi, mitu pansi, wina ayamba kutukwana mnzake, ine pagolo miyendo ili njenjenje. Kumeneko ndiye kukumbukira kwenikweni, kuli m'mitu ya osewera, ndipo kumathandiza amene akuwina, osati inu.

Za K200 yako. Usamvere gulu lililonse mwa awiriwo. Funsa kuti chasintha n'chiyani kuchokera pamasewera apitawo: wowachinyira zigoli alipo kapena anapita ku Lusaka, mwapeza goloboyi wina, mukusewerera bwalo la ndani. Ngati palibe chasintha, ndalamayo gulira timu mpira watsopano. Ukaumirirabe, usabetche mofanana. Ngati mumtima mwako ukuona kuti mwayi wanu ndi 1 pa 5, msuweni wako aike K800 pa K200 yako, apo ayi akukudyera. Ndipo mugwirizane masewera asanayambe kuti matimu akalepherana ndalama ipita kwa ndani, asunge ndi munthu wachitatu, makamaka amalume anu.

Pamene panali bwalo lathu lija pano anamangapo nyumba. Ndikadutsapo ndimayang'ana khonde lina la simenti yofiira, chifukwa ndikawerenga mapazi kuchokera pa mtengo wa mango uja, dzira lili pansi pake.