Za mashopu a Ayuda ku Livingstone, ndi kope la ngongole la bambo anga

Wina wandilembera imelo, akuti anali ku Livingstone ku Zambia ndiye anaona tchalitchi chokhala ndi nyenyezi ya Davide pakhoma, atafunsa anamuuza kuti kale inali sunagoge ya Ayuda amashopu. Akufunsa kuti anthu amenewa anafikako bwanji, nanga nzoona kuti Ayuda amachita kubadwa ndi ndalama?

Funso lachiwirilo landikhudza penapake. Bambo anga anali ndi kagolosale kwathu, tsiku lomwe anangokhoma malata anthu anayamba kunong'ona kuti akhwimira, ati pali kanthu kuseri kwa kauntala. Chomwe chinali kuseriko ndikuchidziwa bwino poti ndinkalembamo ndine, kope la ngongole lonunkha parafini. Sopo mtanda umodzi, shuga theka, mchere, "ndipereka fodya akagulidwa achimwene." Mdala ankadzuka tambala woyamba kukapikula katundu panjinga, akabwerako miyendo ili mbuu, koma za thukutalo palibe ankazinena. Golosaleyo inagwa ndi kope lomwelo, ndipo ena mwa omwe sanabweze ndi amene anayamba kunena kuti mankhwala asukuluka. Mpaka pano ndikamva kuti mtundu wakutiwakuti umangolemera wokha mtima umawira.

Tsono tamverani za anyamata awiri apachibale, Elie ndi Harry Susman. Anachokera ku Rietavas, katauni ka ku Lithuania, nthawi imene dzikolo linali pansi pa ufumu wa Russia, womwe unkachita kuwauza Ayuda madera okhala. Umphawi unali wadzaoneni. Mu 1901 anaoloka Zambezi kulowera ku Barotseland kwa mfumu Lewanika, kukasinthitsa katundu ndi ng'ombe. Mliri wa rinderpest wa 1896 unali utapululutsa ng'ombe kummwera kwa mtsinjewo pomwe za Alozi, anthu a ku Barotseland, zambiri zinapulumuka, ndiye msika unalipo, koma ng'ombezo zimafunika kuyenda nazo wapansi mtunda wautali zedi. Pa Old Drift pomwe amalonda ankaolokera malungo ankapha anthu ngati ntchentche, manda ake alipobe. Mlatho wa pa Victoria Falls utatha mu 1905 anthu anasamukira kumtunda komwe kuli tauni ya Livingstone lero, mashopu nawo anatsatira njanji. Tandiuzani, munthu wobadwa ndi ndalama angakagone m'udzudzu umenewo kufuna chani?

Inde ena anadzalemeradi, Elie anadzalowa mu kampani ya mashopu ya Woolworths ya ku South Africa. Stanley Fischer anabadwira ku Mazabuka mu 1943, nakulira kuseri kwa shopu ya makolo ake, koma mu 2005 anakhala gavanala wa Bank of Israel, banki yaikulu ya dziko la Israel. Awa timawadziwa chifukwa zinawayendera, omwe anagwa ngati bambo anga palibe amawatchula.

Sindikuwayeretsa ayi. Angerezi ankawanyoza chifukwa cha chilankhulo chawo cha Chiyidishi, komabe malamulo a atsamunda ankawawerenga ngati azungu, ndipo m'mashopu ambiri a azungu munthu wakuda ankagulira pawindo. Pomwepo panalinso Simon Zukas, Myuda wochokera ku Lithuania konko, amene atsamunda anamupitikitsa mu 1952 chifukwa chokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland limodzi ndi anthu akuda.

Zikundikumbutsa amwenye athu kuno. M'ma 1970 boma la Kamuzu linawachotsa m'madera akumidzi kuti akhale m'mizinda mokha, anthu nkumati basi tsopano malonda ndi athu. Pitani mukaone mashopu ena aja, makhonde okhaokha, mbuzi zikubisalamo mvula.

Yankho lanu mwachidule

Sunagoge munaonayo inamangidwa cha m'ma 1928, Livingstone akadali likulu, boma lisanasamukire ku Lusaka mu 1935. Ayuda ambiri anachoka dziko litalandira ufulu mu 1964, nyumbayo inatsala m'manja mwa mpingo wachikhristu. Mukadzapitanso funsani akuonetseni manda a Ayuda, ali m'tauni momwemo.