Mwana wojambula pa laputopu: musamulande, mufunseni mafunso awiri

Mayi wina walemba kuti mwana wake wamkazi wa Fomu 3 amangokhalira kujambula pa laputopu ya mchimwene wake mpaka usiku, ndipo akufunsa ngati zimenezi zingadzamudyetse.

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo MSCE asaitaye ayi. Koma ndikuuzeniko za bungwe la Rhizome. Mu 1996, mnyamata wa ku America, Mark Tribe, ali ku Berlin, anaona kuti anthu opanga zaluso pa kompyuta ndi pa intaneti analibe kokumanirana, komanso nyumba zoonetsera zithunzi sizinkawalabadira kwenikweni. Anayamba ndi kungowalumikiza pa imelo kuti aziuzana zimene akupanga. Dzina loti Rhizome limatanthauza tsinde loyanga pansi pa nthaka, ngati la nsungwi, lomwe limaphuka apa ndi apo. Mu 1998 gululi linakhala bungwe losapanga phindu ku New York, ndipo mu 2003 linagwirizana ndi New Museum, nyumba yoonetsera zaluso ya mumzindawo.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi chimene anachita mu 1999: anatsegula nkhokwe yotchedwa ArtBase, yosungiramo ntchito za alusowa. Anazindikira msanga kuti chithunzi cha papepala chimatha kukhala zaka zambiri mu sutikesi, pomwe cha pa kompyuta chimafa pulogalamu yake ikafa. Kampani ya Adobe itasiya pulogalamu yake ya Flash kumapeto kwa 2020, ntchito zambiri zimene zinapangidwa ndi pulogalamuyo zinasiya kutseguka bwinobwino. Lero kuli anthu olembedwa ntchito yongotsitsimutsa zinthu zoterezi.

Ndiye mwana wanuyo mumufunse: ndani amaona zimene ukujambula, nanga ukuzisunga kuti? Ngati yankho ndi lakuti palibe amene amaziona, apeze anzake ojambula, ngakhale atatu okha, oti azidzudzulana moona mtima. Ngati zonse zili mu laputopu ya mchimwene wakeyo, mugulireni fulashi sabata ino, ndipo chithunzi chilichonse azichilemba tsiku. Ofuna kumupatsa ntchito ya chikuto cha buku kapena positala adzayamba ndi kupempha zimene anajambulapo kale.

Mapulogalamu ojambulira a Krita, Inkscape ndi Blender ndi aulere, simufunika kulipira kalikonse. Akadzakhoza bwino MSCE, ku University of Malawi ku Zomba amaphunzitsa zaluso. Pakadali pano mugwirizane naye za nthawi: homuweki kaye, laputopu pambuyo pake.