Adona akuti ndakalamba, angandichotse ntchito?

Mayi ena a zaka 56 andilembera imelo sabata yatha. Akhala akugwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, mu mzinda wa Johannesburg, zaka 11, pano BP yakwera, maondo akuwawa, usiku thukuta lokhalokha poti akusiya kusamba, ndiye adona ayamba kuponya mawu oti mwina apeze mtsikana. Akufunsa ngati angawachotse chifukwa cha ukalamba.

Amayi, ayi ndithu. Kuno ku Joni, lamulo la zantchito lotchedwa Labour Relations Act limaletsa kuchotsa munthu chifukwa cha zaka zake pokhapokha atafika zaka zopumira zimene munagwirizana kapena zozolowereka pantchitoyo, ndipo palibe lamulo loti aliyense akakwana 60 azipita. Akakuchotsani muli ndi masiku 30 okha okadandaula ku CCMA, bungwe lomva madandaulo a pantchito, ndi zaulere, ndipo ngakhale mapepala anu okhalira m'dziko muno asali bwino amamva nkhani yanu.

Koma chimene chandikhudza m'kalata yanu ndi poti adona simunawauze kuti mukudwala. Ife timabisa matenda heavy, azibambo a m'magadeni amangomwa mankhwala a mutu a Grand-Pa mpaka tsiku lina kugwa ndi fosholo m'manja, azimayi ndiye kuposa, nkhani yosiya kusamba timaiona ngati yochititsa manyazi moti munthu amalolera azioneka waulesi kusiyana ndi kunena kuti sindinagone usiku wonse. Ndiye adona akuona chani? Akungoona kuti mwayamba kuchedwa kusita basi.

Pitani ku kiliniki ya boma akayeze BP ndi shuga, za thukuta lija munenenso, mankhwala ake alipo. Ngati mumagwira masiku 5 pa sabata muli ndi masiku 30 a sick leave olipidwa pa zaka zitatu zilizonse, mukajomba kupitirira masiku awiri otsatizana bweretsani kalata ya dokotala, ndipo muijambule pa foni musanapereke. Kenako khalani nawo pansi adonawo, pemphani zinthu zing'onozing'ono, kusita mutakhala pampando, mawindo a m'mwamba azipukuta wina.

Za mawindo a m'mwamba ndikunenera dala, poti mutha kugwa pa makwerero. Kuyambira November 2020, pamene khoti lalikulu la Constitutional Court linagamula mlandu wa Mahlangu, mayi wantchito amene anamira mu swimming pool ya abwana ake, antchito a m'nyumba nawonso amalandira chipukuta misozi kudzera m'lamulo lotchedwa COIDA akavulala pantchito. Funsaninso ngati anakulembetsani UIF, thumba lothandiza anthu ntchito ikatha, 1% ya malipiro imachoka kwa inu ina 1% kwa iwo, mabwana ena amangodula osapereka.