Musanagule antivayirasi, Mayi, yambani mwawerenga makiyi

Mayi ena oyang'anira kabungwe kothandiza alimi kuno ku Zomba anditumizira imelo. Antchito awo ena amakhala ku Jali ndi ku Thondwe, wowerengera ndalama amagwirira ntchito kunyumba kwake ku Matawale. Akufunsa kuti: kodi tigule antivayirasi (pulogalamu yoteteza kompyuta ku mavayirasi) wodula kuti zinsinsi za bungwe zisabedwe?

Mayi, ndalamayo isungeni kaye. Windows imabwera kale ndi antivayirasi wake, Microsoft Defender, ndipo kwa bungwe ngati lanu ndi yokwanira bola makompyuta azilandira ma update. Chenjerani ndi Windows 10 yokha, poti Microsoft inasiya kuisamalira mu Okutobala 2025.

Ine chimene chimandidetsa nkhawa ndi china. Mbava zambiri sizithyola kompyuta, zimangopempha ulemu wonse, ife n'kupereka tokha. Wina amaimbira mlangizi wanu ku Thondwe kuti wamutumizira molakwitsa manambala 6, amubwezere. Manambalawo ndi kodi yotsegulira WhatsApp ya mlangiziyo: akangowatchula, WhatsApp yake yapita. Madzulo omwewo "mlangizi" uja walembera wowerengera ndalama kuti nambala yake ya Mpamba yasintha, alawansi atumize kwina. Mu ofesi munthu akanangotembenuka n'kufunsa. Ku Matawale afunsa ndani? Choncho ikani lamulo: nambala ya Airtel Money, Mpamba kapena akaunti yakubanki ikasintha, palibe kutumiza ngakhale tambala musanaimbe foni pa nambala yakale ndi kumva mawu a mwiniwake. Lamulolo likugwireni inunso, chifukwa dzina la bwana ndilo mbava zimakonda kubwereka.

Kenako aliyense atsegule two-step verification (loko yachiwiri yolowera mu akaunti) pa WhatsApp ndi pa imelo. Ndi zaulere. Pasiwedi imodzi ya ofesi yonse ithe lero, ndipo wantchito akasiya ntchito, akaunti yake itsekedwe tsiku lomwelo. Mayina ndi manambala a alimi anu si anu okha, lamulo la Data Protection Act la 2024 limakupatsani udindo wowasunga bwino.

Mukukumbukira 2024, kusindikiza mapasipoti kutaima, Pulezidenti Chakwera akuuza Nyumba ya Malamulo kuti achiwembu alowa m'makompyuta ndipo akufuna dipo? Kuti zoterezi zisakusiyeni manja lende, mafayilo anu ofunika muziwakopera pa disiki ina yosalumikizidwa ku kompyuta, Lachisanu lililonse.

 Fulashi imene imapita kosindikizira mapepala m'tauni, imeneyo ikhale yakeyake, isalowenso mu laputopu ya wowerengera ndalama.