Funsani za Foni: Mapulogalamu Amene Amagona Foni Ikalowa M'chikwama

FUNSO: Akonzi, ine ndine mayi wa ana anayi ndipo ndimachita geni ya mbatatesi ndi kabichi pa msika wa Lizulu m'boma la Ntcheu. Makasitomala anga ambiri ndi okazinga tchipisi a ku Blantyre ndi ku Zomba, amene amandilembera pa WhatsApp kuchuluka kwa matumba amene akufuna kuti ndiwakwezere pa lole. Vuto langa ndi lakuti foni ikakhala m'chikwama silira ngakhale pang'ono, koma ndikangoitulutsa n'kutsegula WhatsApp, mauthenga onse amakhuthuka nthawi imodzi, ena oti anatumizidwa maola atatu apitawo. Sabata yatha kasitomala wina anandilembera m'mamawa kuti akufuna matumba 12, ine n'kudzaona uthengawo lole itanyamuka kale, iye atagulanso kwa wina. Mwana wanga anaikamo pulogalamu yoyeretsa foni, amati ithandiza, koma palibe chimene chasintha. Kodi foniyi yafa, ndigule ina?
Mayi wa geni, Lizulu

YANKHO: Mayi, pepani chifukwa cha malonda amene anakudutsani, koma ndalama zogulira foni inazo zisungeni kaye, pakuti zimene mwafotokozazi si zizindikiro za foni yakufa. Mafoni a Android amagoneka dala mapulogalamu amene mwiniwake sakuwayang'ana, n'cholinga chakuti batire lichedwe kutha moto, ndipo foni payokha sidziwa kuti pa mapulogalamu onse amene alimo, WhatsApp ndi imene ikudyetsa ana anu. Muyenera kuiuza ndinu.

Khalidwe logoneka mapulogalamuli linakhwima mu 2015, pamene kampani ya Google inatulutsa Android 6.0 yokhala ndi njira yotchedwa Doze. Foni ikakhala nthawi osaigwira, sikirini ili yozima ndiponso isali pa chaja, imaletsa mapulogalamu kulumikizana ndi intaneti n'kumangowatsegulira kanthawi kochepa apo ndi apo, ndipo ikamakhalitsa chigonere mipata imeneyi imanka nitalikirana. Poyamba zimenezi zinkachitika foni ikangokhala malo amodzi, monga patebulo usiku, koma kuyambira pa Android 7.0 ya mu 2016 zimachitikanso ngakhale foni ikuyenda nanu m'chikwama. Pamwamba pa malamulo a Google amenewa, kampani iliyonse yopanga mafoni imawonjezera akeake, ndipo kawirikawiri owonjezerawa ndi amene amakhala aukali kwambiri, chifukwa wogula aliyense amayamikira foni yosunga moto.

Chofunika kumvetsa n'chakuti WhatsApp sifunika kukhala maso usana wonse kuti uthenga ufike. M'mafoni ambiri a Android muli pulogalamu yotchedwa Google Play services, imene imagwira ntchito ngati mlonda wa pachipata: ena onse m'nyumba akagona, iye amakhala maso, ndipo kukabwera uthenga amapita kukagogoda pachitseko cha pulogalamu imene uthengawo ukupita, iyo n'kudzuka, kuulandira ndi kuliza foni. Mlonda mmodzi wodikirira onse amadya moto wochepa kusiyana n'kuti pulogalamu iliyonse izidikirira yokha. Choncho uthenga ukachedwa, ndiye kuti mwina mlondayo watsekeredwa njira ya intaneti, kapena akugogoda pachitseko chimene wina wachikhoma ndi misomali.

Wokhoma misomaliyo ndikumukayikira kwambiri, ndipo ndi pulogalamu yoyeretsa imene mwana wanu anaika. Mwanayo anali ndi cholinga chabwino, musamukalipire. Koma mapulogalamu otere akamalemba pa sikirini kuti ayeretsa foni ndipo tsopano ithamanga, chimene achita n'kutseka mapulogalamu amene anali kuseri, ndipo m'mafoni ena kutseka kotereku kumafanana ndi kudina batani la Force stop. Pulogalamu imene yaimitsidwa mwa njira imeneyi silandira kugogoda kwa mlonda mpaka mwiniwake ataitsegulanso ndi chala chake, zomwe zikufanana ndendende ndi zimene mukuona: bata m'chikwama, chigumula cha mauthenga mukangotsegula. Ichotseni pulogalamu yoyeretsayo. Chizolowezi chosesa mapulogalamu onse pa sikirini imene imaonetsa amene mwawatsegula posachedwa nachonso muchisiye, chifukwa m'mafoni ena chimabala vuto lomwelo, ndipo pulogalamu yoyambira pachiyambi nthawi iliyonse imadya moto wambiri kuposa yongodzutsidwa.

Palinso nkhani ya RAM, imene ambiri amaisokoneza ndi malo osungira zithunzi. Malo osungira ali ngati nkhokwe ya kunyumba, pamene RAM ili ngati benchi lanu la pamsika, pamene mumayala zokhazo zimene mukugulitsa nthawi imeneyo. Benchi likadzaza ndipo mukufuna kuyalapo kabichi, mumatsitsa kaye china. Foni nayo imatero: mukatsegula kamera kapena Facebook pamene RAM yadzaza, imatsitsa pulogalamu ina imene simukuiyang'ana. Mafoni otsika mtengo okhala ndi RAM ya 1 GB kapena 2 GB, amene ambiri amabwera ndi Android Go, mtundu wopepuka wa Android, amachita zimenezi pafupipafupi. Kutsitsidwa kotereku pakokha sikuletsa uthenga kufika, koma kumachititsa kuti foni izichedwa kudzutsa pulogalamu, ndiye ngati muli mapulogalamu amene simunawatsegulepo chigulireni foniyo, kuwachotsa kungapepuze benchi.

Tsopano chitani izi muli phee kunyumba, osati pakati pa phokoso la msika. Dinani chizindikiro cha WhatsApp osachotsa chala mpaka patuluke mawu akuti App info, ndipo mukalowa mmenemo yambani ndi Notifications kuti mutsimikize kuti n'zoyatsa, pakuti kuyambira pa Android 13 ya mu 2022 pulogalamu imachita kupempha chilolezo choliza foni, ndipo munthu akhoza kukana mosadziwa tsiku limene akuiika. Kenako pitani pa Battery n'kusankha Unrestricted, kapena mawu ena ofanana nawo osonyeza kuti foni isaigoneke pulogalamuyi. Mukatero lowani pa Mobile data n'kuyatsa Background data pamodzi ndi Unrestricted data usage, chifukwa njira yopulumutsa data yotchedwa Data Saver ikakhala yoyatsa, imaletsa mapulogalamu ambiri kugwiritsa ntchito intaneti ali kuseri, kupatula amene mwawapatula nokha. Mayina a malowa amasiyana pang'ono malinga ndi mtundu wa foni. M'mafoni a Tecno, Infinix ndi itel, amene onse amapangidwa ndi kampani ya Transsion ya ku Shenzhen m'dziko la China, komanso a Xiaomi, fufuzani mawu akuti Auto-start n'kuloleza WhatsApp. M'mafoni a Samsung muli mndandanda wa mapulogalamu ogonekedwa wotchedwa Sleeping apps ndi Deep sleeping apps, ndipo WhatsApp isapezeke m'menemo. Mafoni ambiri amalolanso kuika kachizindikiro ka loko pa pulogalamu imene simukufuna kuti izisesedwa pamodzi ndi zinzake.

Pali chinthu china chimene chikukukhudzani inuyo chifukwa cha malo amene mumagulitsira, chimene munthu wa ku Kasungu sangachiganizire. Pa Lizulu msewu wa M1 umayenda m'malire enieni, moti mukangodumpha msewu kukagula tomato mwaponda kale dziko la Mozambique. Mafunde a netiweki sadziwa malire, ndipo foni imene inaikidwa kuti izisankha yokha netiweki ikhoza kugwira ya tsidya linalo, monga Movitel kapena Vodacom, pamene ya kwathu yafooka. Zikatero intaneti imaima ngati Data roaming, imene imaloleza foni kugwiritsa ntchito intaneti ya netiweki ya dziko lina, ili yozima, ndipo ndi bwino kuti ikhalebe yozima, chifukwa data ya kunja sidya bandulo yanu ya masiku onse. Mankhwala ake n'kulowa mu Settings, pa gawo la SIM kapena Mobile network, n'kuzimitsa zosankha yokha kuti musankhe ndi dzanja netiweki yanu ya kuno ku Malawi. Tsiku lina uthenga ukachedwa, musanatsegule WhatsApp yang'anani kaye dzina la netiweki limene lalembedwa pamwamba pa sikirini.

Ganiziraninso za mtundu wa bandulo imene mumagula. Ngati ndi yolola WhatsApp yokha, kumbukirani kuti mlonda uja si WhatsApp ayi, ndi pulogalamu ina imene imafuna njira yakeyake ya intaneti. Yesani kwa tsiku limodzi lokha kugula bandulo yaing'ono yolola chilichonse, muone ngati foni iyamba kulira pa nthawi yake.

Zonsezi zili ndi mtengo wake, umene ndi moto wa batire, n'chifukwa chake sindikukulangizani kumasula mapulogalamu onse. Masulani WhatsApp yokha, mwinanso ndi pulogalamu ya banki ngati mumalandirira ndalama kumeneko, ena onsewo azigona. Samalaninso ndi Battery Saver, imene m'mafoni ambiri imadziyatsa yokha moto ukatsika kufika cha pa 15 kapena 20 peresenti, ndipo m'mafoni ena muli inanso yoposa pamenepo imene imatseka pafupifupi chilichonse kupatula kuimba ndi SMS. M'miyezi ya June ndi July, pamene mumafika pamsika chifunga chisanachoke, batire limafooka msanga chifukwa cha kuzizira, ndiye kusunga foni m'thumba la juzi pafupi ndi thupi kumathandiza kuposa kuisiya m'chikwama pansi pa benchi. Mukamaliza kukonza zonse, ikani foni pambali kwa mphindi 30 osaikhudza, kenako mwana wanu akutumizireni uthenga kuchokera pa foni ina. Ikalira pompopompo, ndiye kuti zatheka. Komabe kasitomala wa matumba 12 ndi woti mungamupemphe kuti akalemba aziimbanso, ngakhale kungofulasha, chifukwa kuimba wamba sikudalira intaneti kapena zonse tafotokozazi.

FUNSO: Akonzi, ndine mlangizi wa zaulimi ndipo ndimayendera alimi a m'dera la Bembeke ku Dedza. Ndimayeza minda pozungulira m'malire mwake ndi pulogalamu ya GPS ya pa foni. Ndikayenda foni ili m'manja sikirini ikuwala, mapu amatuluka bwino, koma ndikaizimitsa n'kuiika m'thumba kuti ndigwire zitsamba potsika phiri, pa mapupo pamatuluka mzere wowongoka wodula pakati pa munda, ndipo munda wa maekala awiri umaoneka ngati ekala imodzi ndi theka. Ndichite chiyani?
Mlangizi, Bembeke

YANKHO: Bambo, mzere wowongokawo ukusonyeza nthawi imene pulogalamu yanu inali itagonekedwa. Inalemba malo amene munali pozimitsa sikirini, inalembanso malo amene munali poyatsa, ndipo posowa zapakati inangolumikiza mfundo ziwirizo ngati ndi chingwe. Kuyambira pa Android 8.0 ya mu 2017, pulogalamu imene ili kuseri imauzidwa malo amene foni ili kangapo kokha pa ola, pamene kuyeza munda kumafuna mfundo yatsopano pa masekondi ochepa alionse. Pa Android 10 ya mu 2019 anawonjezanso chisankho chakuti pulogalamu izidziwa malo nthawi zonse kapena pokhapokha mwiniwake akuigwiritsa ntchito. Malamulowa anaikidwa pofuna kuteteza anthu ku mapulogalamu owalondola mobisa, ndipo ine ndimawaona kuti ndi abwino, kungoti ntchito yanu ndi imodzi mwa zochepa zimene zimafunadi kuti foni ikulondoleni phazi ndi phazi.

Lowani pa App info ya pulogalamuyo, pa Permissions, kenako pa Location, n'kusankha Allow all the time ngati chisankhocho chilipo, ndipo muyatsenso Use precise location, imene inabwera ndi Android 12, chifukwa popanda imeneyi foni imangopereka dera mongoyerekeza. Pa Battery sankhani Unrestricted monga ndawauzira mayi a ku Lizulu, ndipo Battery Saver ikhale yozima nthawi yonse imene mukuyeza, pakuti m'mafoni ambiri imazimitsa GPS sikirini ikangozima. Chizindikiro chakuti pulogalamu yoyeza inapangidwa bwino n'chakuti mukayamba kuyenda imaika kauthenga kosachoka pamwamba pa sikirini konena kuti ikujambula njira. Kauthenga kameneko ndi kamene kamauza Android kuti ntchito ili mkati ndipo mwiniwake akudziwa, choncho musakatseke ngakhale kakukusowetsani mtendere. Ngati pulogalamu yanu siika kauthenga kotere ngakhale mutailoleza zonse, vuto lili kwa amene anailemba, ndipo mungachite bwino kuwadziwitsa akuluakulu amene anakupatsani, kwinaku mukuyeza sikirini ili yoyaka koma mutachepetsa kuwala kwake. Anzanu okhala ndi iPhone apeza chisankho chofananacho pa Location Services, pamene ayenera kusankha Always.

Dziwaninso kuti GPS simafuna bandulo, chifukwa foni imangomvetsera masetilaiti, choncho kusowa kwa netiweki m'zigwa si kumene kukuchititsa mzere wowongokawo. Chimene chimasokoneza GPS ndi thupi lanu, mitengo yowirira ndi phiri lotchinga thambo, ndiye foni ikhale m'thumba la malaya la pachifuwa osati la thalauza, ndipo musanayambe kuyenda imani poyera kwa mphindi imodzi kapena ziwiri kuti igwire bwino. Ekala imodzi ndi masikweya mita pafupifupi 4,047, ndipo theka la ekala limene likusowa pa mapu anu ndi mbewu ndi feteleza zimene mlimi adzapereweredwa akatsatira chiwerengero chanu. Mukakonza foniyo, kayeseni kaye pa bwalo la mpira la sukulu ya pafupi: lizungulireni kamodzi foni ili m'manja, kachiwiri ili m'thumba sikirini yozima, ndipo manambala awiriwo akayandikana mubwerere kwa alimi amene munawayezera kale kuti mukayezenso minda yawo mvula isanagwe.