After_method yanu ilibe vuto, failoyo sinapangidwe

Mlungu watha wowerenga wina anandilembera imelo. Mu Waf, chida choyendetsera build (kusandutsa mafailo a code kukhala pulogalamu yoyenda), analemba feature yakeyake, kagawo kowonjezera, yoti iwerengere checksum (nambala yotsimikizira kuti failo sinasinthe) ya firmware (pulogalamu ya m'kachipangizo), naiika pansi pa decorator ya @after_method('apply_link'), chizindikiro chouza Waf kuti function yakeyo ibwere pambuyo pa apply_link, koma akayendetsa build akuuzidwa kuti failo ya firmwareyo kulibe. Funso lake: nanga "after" sikutanthauza pambuyo?

Achimwene, imelo yanuyi yandikumbutsa usiku wina umene ndinachezera mu ofesi. Ndinkagwira ntchito pakampani ina, tikulemba pulogalamu ya C ya kachipangizo kowerengera madzi. Ndinkafuna version.h izipangidwa yokha mafailo a .c asanakompailidwe, ndiye ndinalemba method (function imene Waf imaitana pokonzekera build), n'kuiika patsogolo pa process_source, method yoona za mafailo a .c aja. Pa laputopu yanga zinkayenda bwinobwino. Pa seva, zinkagwa. Ndinakayikira seva, ndinakayikira gcc, pulogalamu yokompaila C, mpaka ndinamuda mtima mnzanga amene anakonza sevayo, ndipo zimenezi zimandipwetekabe chifukwa analibe mlandu. Chakum'mawa ndinalemba waf distclean, lamulo lofufuta zonse za build yakale, pa laputopu ija, ndipo nditayendetsanso build nayonso inagwa. Version.h yakale inali itatsalira mu foda ya build masiku onsewo, ndiyo inkandibisira vutolo.

Chimene sindinkamvetsa n'chakuti Waf imagwira ntchito m'magawo awiri. Taganizani zokonzekera ukwati kumudzi: madzulo akuluakulu amakhala pansi kugawa ntchito, uyu nkhuni, awa madzi, awa kuphika. Kugawako kuli ndi dongosolo lake, koma pa nthawiyo moto sunakolezedwe. Ma method a task generator, chinthu chimene chimalemba ma task (ntchito zoti zichitike), ndiwo msonkhano wa madzulowo. Apply_link sailumikiza chilichonse. Imangolemba kuti kudzakhala task yolumikiza mafailo okompailidwa kukhala pulogalamu imodzi, n'kuisunga mu self.link_task. Kuphika kwenikweni kumabwera pambuyo, ma task ambiri nthawi imodzi, motsatira mafailo amene iliyonse ikudikira.

Ndinene poyera: dzina lakuti after_method limasocheretsa. Koma nafenso timakopera wscript (mafailo a malangizo a build) za ena osatsegula TaskGen.py, failo ya m'kati mwa Waf yomwe, chonsecho function ya post() imene imasanja ma method ndi yaifupi, mungaiwerenge tiyi asanazizire. Muwerenge. Mudzaona kuti imasonkhanitsa ma method a ma feature onse, n'kuwasanja motsatira before ndi after, ndipo malamulowo akazungulirana imaima n'kudandaula za cycle. Mudzaonanso chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri: ma method amene simunawaikire lamulo amasanjidwa potengera mayina awo. Ndiye kuti build ikhoza kumayenda mwamwayi chaka chathunthu, tsiku lina wina n'kusintha dzina la function, zonse n'kusokonekera.

Ena akandimva ndikunena izi amati ingosiyani Waf. Inde, mapulogalamu ena anasamukira ku zida zina za build: ns-3 inasamukira ku CMake mu 2022, ndipo mpv inapita ku Meson. Komabe mapulogalamu a Samba ndi ArduPilot akuigwiritsabe ntchito, ndipo ine sindisiya. Thomas Nagy anaiyamba kuchokera ku SCons, chida chinanso cha build, koma kulekanitsa kugawa ntchito ndi kuigwira ndi nzeru imene ndimailemekeza. Zonse ndi Python yoti ndikhoza kuitsegula n'kuiwerenga; chilankhulo cha CMake sichinandipatsepo mtendere wotero.

Tsono muchite chiyani?

Decorator yanu musaisinthe, ili pamalo pake. Chotsani kuwerenga failo m'kati mwa method. Lembani kalasi ya Task yowerengera checksum, ndipo mu method muja muitane self.create_task, input yake ikhale self.link_task.outputs[0]. Waf ikaona kuti output ya uyu ndi input ya uyo, idikira yokha. Pamene palibe failo yowalumikiza, pali set_run_after. Vuto langa la version.h lija linatha nditaika ext_out = ['.h'] pa kalasi yopanga header, poti task ya c imadikira kale zotero.

Mukafuna kuona mmene ma method akutsatirana, yendetsani waf --zones=task_gen. Ndipo musanandilembere kuti zatheka, pangani distclean kaye, kenako muyese ndi -j1 (task imodzi imodzi) komanso -j8 (ma task asanu ndi atatu nthawi imodzi).